Neba wa 1729

Pali kankhani kamene aphunzitsi a masamu amakonda kusimba akaona kuti kalasi yayamba kusinza. Ine ndinakamva ndili Fomu 3, masana ena otentha mu Okutobala, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti ndinakamvetsa. Mwezi wathawu m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala ndikukagwiritsa ntchito ngati chikwapu, ndipo amene ndakhala ndikumukwapula ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Za iyeyo tizipeza kutsogoloku. Tiyambe ndi kankhaniko.

Srinivasa Ramanujan anabadwa mu 1887 kum'mwera kwa India, ndipo anakulira m'tauni ya Kumbakonam. Masamu ambiri anadziphunzitsa yekha. Ku koleji zinthu sizinamuyendere: ankangokakamira masamu, maphunziro enawo osawayang'ana n'komwe, mpaka anamulanda sikolashipu, mayesonso analakwa. Anadzapeza kantchito ka ukalaliki ku ofesi ya doko la Madras. Mu Januwale 1913 analembera kalata katswiri wa masamu wa ku Cambridge, G. H. Hardy, n'kuikamo masamba odzaza ndi zimene anatulukira payekha. Akatswiri ena awiri a ku Cambridge komweko anali atalandira kale zolemba zake n'kuzibweza osanenapo kanthu. Hardy anawerenga, mutu unaima, anaitana mnzake J. E. Littlewood kuti aonere limodzi, ndipo mu 1914 kalaliki uja anakwera sitima yapamadzi kupita ku England.

England sinamukomere. Kunali nkhondo, kunali kuzizira, ndipo pokhala munthu wosadya nyama chifukwa cha chipembedzo chake, ankadziphikira yekha pa nthawi imene zakudya zinali zosowa. Mu 1917 anadwala n'kuyamba kusinthasintha zipatala. M'miyezi yake yomaliza m'dzikomo anagonekedwa m'nyumba yosamalira odwala ku Putney, mu London. Tsiku lina Hardy anapita kukamuzonda. Atalowa anamuuza kuti wabwera pa takisi ya nambala 1729, kuti kwa iye nambalayo ikuoneka yobowa, yopanda chochititsa chidwi, ndipo akungoti asakhale malodza. Wodwala uja anakana pomwepo. Anati imeneyo ndi nambala yosangalatsa kwambiri, chifukwa ndiyo yaing'ono pa manambala onse amene mungawapeze pophatikiza ma cube awiri m'njira ziwiri zosiyana.

Amene masamu munawasiya pa geti ya sukulu musathawe, izi n'zosavuta. Cube ndi nambala imene imatuluka mukachulukitsa nambala imodzi katatu: 2 × 2 × 2 ndi 8, 3 × 3 × 3 ndi 27. Taganizani za madayisi a ludo, timabokosi tofanana mbali zonse. Mukhale nato 1729. Tisanjeni 12 m'litali, 12 m'lifupi, 12 kupita m'mwamba. Mwamanga chibokosi chimodzi cha timadayisi 1728, kamodzi katsala pambali, ndipo kameneko nakonso ndi cube pakokha, 1 × 1 × 1. Tsopano gumulani zonse. Mangani china cha 10 mbali zonse, chimenecho chidya 1000. Totsala 729 tija timanga ndendende china cha 9 mbali zonse. Palibe kotsala, palibe koperewera. Ndiye kuti 1 + 1728 ndi 729 + 1000, zonse zikukathera pa 1729.

Manambala ena ochita zimenezi alipo, monga 4104, imene ndi 8 + 4096 komanso 729 + 3375. Koma pansi pa 1729 palibe ngakhale imodzi, bola tikhale m'manambala owerengera zinthu, osalowetsapo a negative. Mukafuna yochita zimenezi m'njira zitatu, ulendo wake ndi wautali: yoyamba ndi 87,539,319, imene John Leech anaipeza ndi kompyuta mu 1957. Masiku ano manambala a mtundu umenewu amatchedwa taxicab numbers, kukumbukira takisi ya Hardy ija, ndipo panyumba ya ku Putney anakhomapo chikwangwani.

Aphunzitsi athu atamaliza anapukuta choko m'manja n'kunena phunziro lake: musamaderere munthu, simudziwa chimene chili mkati mwake. Tonse tinagwedeza mitu. Ine phunzirolo ndinalimeza lonse, ndakhala ndikulibwereza kwa ena. Lero ndikuona kuti munali mbedza mkati mwake. Koma ndisanafike pa mbedzayo, pali zina zimene aphunzitsi sanatiuze.

Mmene nkhaniyi imasimbidwira, zimamveka ngati Ramanujan anangomva nambalayo, nzeru n'kung'anima ngati mphezi, yankho n'kutuluka. Timakonda nkhani zotere chifukwa zimatipeputsa: ngati nzeru ndi matsenga obadwa nawo, ndiye kuti ife osabadwa nawo tilibe mlandu. Koma si mmene zinalili. Ramanujan anali atakumana nayo kale 1729. M'zolemba zake ankafufuza manambala amene amangotsala pang'ono kuphwanya lamulo lotchuka la Fermat, limene mwa zina limati ma cube awiri sangaphatikizane n'kupanga cube ina yathunthu. Zikanakhala kuti 729 + 1000 ndi 1728, lamulolo likanagwa. Yaphonya ndi 1 yekha. Mu 2015 Ken Ono ndi Sarah Trebat-Leder a ku Emory University anaonetsa kuti masamba amenewo akukhudza masamu akuya otchedwa K3 surfaces, amene anadzapatsidwa dzinalo patapita zaka zambiri Ramanujan atamwalira. Sanalinso woyamba kuiona: Mfalansa wina, Bernard Frénicle de Bessy, anali atalemba kale za khalidwe limeneli la 1729 mu 1657. Ndipo Hardy atamufunsa kuti nanga tikamachulukitsa kanayi m'malo mwa katatu nambala yake ndi iti, Ramanujan anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti sakuidziwa, anangoti iyenera kukhala yaikulu kwambiri. Analondola. Ndi 635,318,657, ndipo Euler anali ataipeza kalekale.

Choncho munthu anagona pabedi uja sanachite matsenga ayi. Anangozindikira mnansi. Zili ngati mnzanu akati, "ndadutsana ndi mayi wina pamsika, wamtali, wotsimphina pang'ono," inu n'kuti, "aaa, amenewo ndi azakhali anga." Littlewood ananenapo kuti nambala iliyonse inali ngati bwenzi lake la Ramanujan. Ubwenzi sugwa kumwamba. Umafuna kukhala pansi, kuchoka, kubweranso mawa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye Hardy ponena kuti nambalayo ndi yobowa, ankanena za nambala kapena za iye mwini? Munthuyu sanali mbuli, anali mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a manambala m'nthawi yake. Komabe mawu akewo mukawasenda, mkati mwake mupeza izi zokha: ine nambala iyi sindinakhalepo nayo pansi. Vuto n'lakuti zimenezi sitizinena choncho. Sitinena kuti "sindimudziwa". Timati "alibe nzeru", "ngwachabechabe", "palibe chimene angakuuze". Umbuli wathu timautenga n'kuupachika m'khosi mwa winayo ngati khalidwe lake.

Tiyeni tikhale nayo pansi pang'ono 1729, ngati mmene anthu a masamu amachitira akamaika nambala m'magulu. Choyamba, si prime. Prime ndi nambala yosagawika, imene palibe ina ingaigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 7 kapena 13. Mukangoiona 1729 mutha kuganiza kuti ndi yoteroyo, koma ndi 7 × 13 × 19, ma prime atatu otalikirana mofanana, kudumpha 6 nthawi iliyonse. Manambala onse amene amaigawa, kupatula iyo yomwe, ndi 1, 7, 13, 19, 91, 133 ndi 247. Mukawaphatikiza mupeza 511, yochepa kwambiri poyerekeza ndi 1729, ndipo pa chifukwa chimenechi imaikidwa m'gulu la deficient numbers, kunena kuti manambala operewera. Nambala ngati 6, imene oigawa ake 1, 2 ndi 3 amabweza 6 yemweyo ndendende, Agiriki akale anaitcha yangwiro. Tamvani mawu amene anthufe tinasankha: yangwiro, yoperewera. Chikhalirecho manambala pafupifupi atatu mwa anayi alionse ndi "operewera", ma prime onse ali momwemo. Angwirowo ndi osowa zedi: 6, 28, 496, 8128, kenako mumalumpha mpaka kupitirira 33 miliyoni. Muyezo umene umati ambiri mwa manambala ndi operewera, mwina tizifunsako muyezowo.

Pali kenanso kokoma. Phatikizani madijiti anayi amene timalembera 1729: 1 + 7 + 2 + 9, mupeza 19. Tembenuzani 19 akhale 91. Chulukitsani 19 ndi 91. Mwabwerera pa 1729. Yesani pa foni yanuyo, ndikudikirani. Nambala imene imagawika ndi zimene madijiti ake apanga mukawaphatikiza, D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa sukulu wa ku India, anaitcha harshad, mawu a chilankhulo cha Sanskrit onena za chopatsa chimwemwe. Koma ndikuuzeni, khalidwe ili ndi la zovala chabe. Likudalira kuti timawerenga m'makumi, poti tili ndi zala 10. Ilembeni mwa Chiroma, MDCCXXIX, masewerawo atha. Pamene za madayisi zija sizisamala kuti mukulemba bwanji; ngakhale munthu wosadziwa kulemba atha kuzimanga pansi ndi manja. Zina zimene timadziwa za chinthu ndi zakedi, zina ndi za mmene ife tachilembera, ndipo papepala zimaoneka zofanana.

Gulu limene limandisowetsa tulo ndi lina. Kudziwa ngati nambala yaikulu ndi prime si nkhani ya masewera, chifukwa chitetezo cha zambiri zimene timatumizirana pa intaneti chimadalira ma prime akuluakulu. Kuyesa kuigawa ndi nambala iliyonse kungatenge zaka zosawerengeka, choncho pamafunika mayeso achidule. Ena mwa mayeso oterowo anachokera pa zimene Pierre de Fermat analemba mu 1640, ndipo amayenda chonchi. Tiyese 7. Chotsanipo 1, itsala 6. Tengani ma 2 okwana 6 muwachulukitse, 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 2, mupeza 64. Gawani ndi 7: ilowa ka 9, kutsala 1. Prime iliyonse yoposa 2 imasiya 1 choncho. Tsopano tiyese 9. Ma 2 okwana 8 amapanga 256, kugawa ndi 9 kutsala 4. Yagwidwa, si prime.

Bweretsani 1729 m'chipinda cha mayeso. Ma 2 okwana 1728 amatulutsa chinambala cha madijiti 521. Gawani ndi 1729: kutsala 1. Yakhoza. Sinthani funso, muyese ndi ma 3: yakhoza. Ndi 5, ndi 10, ndi 100: yakhoza, yakhoza, yakhoza. Idzakhoza ndi nambala iliyonse, pokhapokha mutasankha 7, 13, 19 kapena ina yogawika ndi imodzi mwa zimenezi. Amene angaiulule ndi abale ake a m'nyumba okha, alendo onse imawadutsa. Manambala otere amatchedwa Carmichael numbers, ndipo 1729 ndi yachitatu pamzere, pambuyo pa 561 ndi 1105. Chinsinsi chake n'chakuti 1728 imagawika ndi 6, ndi 12, ndiponso ndi 18, amene ndi ma prime atatu aja mutachotsa 1 pa iliyonse. Mu 1994 akatswiri atatu, Alford, Granville ndi Pomerance, anatsimikiza kuti manambala otere alibe mapeto.

Poyamba ndinkaitcha nambala yachinyengo, chikomekome cha mkuyu. Koma inanamiza ndani? 1729 sinanenepo kuti ndi prime. Ife ndi amene tinapanga mayeso achidule chifukwa tinalibe nthawi yofufuza bwinobwino, kenako tinayamba kukhulupirira mayesowo kuposa chinthu chimene tikuchiyesa. Tsono taonani: m'chipinda cha ku Putney muja munali munthu amene mayeso anamukana pamene anali katswiri weniweni, akukamba za nambala imene mayeso amaivomera pamene si chimene mayesowo akufuna. Sindikunena kuti mayeso ndi achabe. Ndikadwala ndimafuna dokotala amene anakhoza mayeso ake, ndipo anthu a makompyuta mayeso a Fermat sanawataye, anangowakhwimitsa. Amene anakonza Miller ndi Rabin amaigwira 1729 mosavuta. Ndikungonena kuti mayeso amayankha funso limodzi limene awafunsa, ife n'kumva ngati ayankha onse.

Ngakhale dzina la gululo lili ndi kankhani kake. Robert Carmichael wa ku America analemba za manambalawa mu 1910, koma wansembe wina wa ku Bohemia, Václav Šimerka, anali atapeza kale 7 oyambirira mu 1885, ndipo 1729 inali pomwepo. Analemba m'chilankhulo chakwawo, m'magazini imene akuluakulu a masamu a kwina sankawerenga, ndipo ntchito yakeyo inangodutsa osaonedwa. Ife olemba m'Chichewa, imeneyi tisaimve ngati nkhani ya kutali.

Mwina wina afulumira kunena kuti basi, ndiye kuti nambala iliyonse ndi yapadera, munthu aliyensenso ndi wapadera, tiyeni tiombe m'manja. Anthu a masamu ali ndi nthabwala yofika pamenepo. Amati tiyerekeze kuti manambala obowa alipo, tiwasanje pamzere. Payenera kukhala yaing'ono pa onse. Koma kukhala nambala yobowa yoyamba pa dziko lonse, si chinthu chochititsa chidwi chimenecho? Ndiye ichoke pamzerepo. Yotsatira yakhala yoyamba, nayonso ichoke, mpaka mzere wonse watha. Ena anayesa zimenezi ndi kaundula weniweni. Pali nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa OEIS, yosunga mindandanda ya manambala, imene Neil Sloane anayamba kuisonkhanitsa mu 1964. Mu 2009 Nathaniel Johnston anafufuza nambala yaing'ono imene sinkapezeka pa mndandanda uliwonse m'menemo, n'kupeza 11630. Sipanapite nthawi inalowa m'kaundula, mpando wa kubowa n'kupita kwa 12407, imenenso pambuyo pake inausiyira ina.

Nthabwalayi imandiseketsa koma siindikhutitsa. Ili ngati satifiketi imene amapatsa aliyense wobwera ku semina. Ngati aliyense ndi wapadera mwa njira yotereyi, mawuwo alibenso kanthu. Tisanamizane: 1729 ili ndi chinthu chimene manambala oyandikana nayo alibe, ndipo Ramanujan anali ndi mphatso imene ine ndi inu tilibe.

Tsopano za mng'ono wanga. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri, kawiri konse sizinayende. Ine ndinakhoza ndi mapointi abwino, ndinapita ku koleji, ndipo pakhomo pathu magulu anakhazikika osachita kulengeza: uyu ngwa mabuku, uyu kaya. Panopa ndi wakabaza wa njinga yamoto, njinga ya eni ake, madzulo alionse amakapereka ya bwana.

Sindinamunyozepo. Bola ndikanamunyoza, bwenzi nditazindikira msanga. Chimene ndinkachita n'chakuti ndinkamudikira. Amayi akadandaula ndinkati, "Amayi, musadere nkhawa, mwanayu ali ndi kenakake, kadzaoneka." Iye mwini ndinamusimbirapo za Ramanujan, mwina katatu. Ndinamugulira buku la zokonza mafoni poganiza kuti luso lake lili kumeneko. Ndinamulipirira kosi ya kompyuta, anapitako milungu iwiri. Nthawi yonseyi ndinkafufuza ma cube awiri obisika mwa iye, kuti tsiku lina ndidzaimirire pagulu n'kunena kuti mwaona, paja ndinkanena ine.

Mwezi wathawu tinali pamaliro kumudzi. Usiku tikuchezera pamoto panja pa siwa, ndinayambanso: kuti pali kosi ina yotsika mtengo, kuti anthu ena amachedwa kuphuka. Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Achimwene, nanga zikapezeka kuti mulibe kalikonse? Kuti ndine wakabaza basi?" Sanakweze mawu. Anapitiriza kusonkhezera moto.

Ndinalibe yankho. Imeneyo ndiyo mbedza ya phunziro la aphunzitsi athu lija. Musamaderere munthu chifukwa simudziwa chimene chili mkati mwake: zikumveka ngati chifundo, koma ndi nzeru ya munthu wobetcha. Ulemu ukuperekedwa ngati katapila, poyembekezera kuti munthuyo adzabweza ndi chiwongoladzanja akadzatulukira kuti ndi katswiri. Nanga akapanda kubweza? Pa Ramanujan mmodzi panali makalaliki ambirimbiri m'maofesi a ku Madras amene analidi makalaliki, ndipo anakalamba ali makalaliki. Kodi amenewo kuwaderera kunali kololedwa?

Nditabwerera m'tauni ndinachita kanthu kopusa pang'ono. Ndinatenga kope ndi cholembera n'kukhala pansi ndi 1730, neba wa nambala yotchukayo, imene palibe anaikhomera chikwangwani. Ndinkafuna ndione ngati ndi yobowadi. Kuti si prime ngakhale mwana wa Sitandade 5 aona, poti ikuthera ndi 0. Ndi 2 × 5 × 173. Ndinayesa kugawa 173 ndi 3, 7, 11 ndi 13, yakana, ndiye kuti nayonso ndi ma prime atatu osiyana ngati neba wake. Ma cube awiri? Ngakhale njira imodzi palibe. Madijiti ake amapanga 11, ndipo 11 saigawa. Ndinatsala pang'ono kutseka kope.

Kenako ndinati ndiyeseko ma square, ochulukitsa kawiri m'malo mwa katatu. Ndinayamba kuchotsera imodziimodzi: 1730 kuchotsa 1, kuchotsa 9, kuchotsa 25, kuona ngati chotsalacho ndi square. Pa 49 panatsala 1681. Ndinaiyang'ana kanthawi ndithu. Ndi 41 × 41. Ndinapitiriza, magetsi anazima, ndinayatsa tochi ya foni. Pa 361, amene ndi 19 × 19, panatsala 1369, ndiye 37 × 37. Njira ziwiri. Ndipo 7, 41, 19 ndi 37, onsewo ndi ma prime. Ndinakuwa ndekha m'nyumba ngati Flames yachinya.

Koma ndisakunamizeni, zimenezi si zachilendo m'masamu. Manambala opangidwa ndi ma square awiri m'njira ziwiri ndi ambirimbiri. 50 imachita, ndi 1 + 49 komanso 25 + 25. 65 nayo imachita. Palibe adzalembe buku za 1730, ndipo sindinatulukire kuti ndi katswiri wobisala. Ndi nambala wamba. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ndimaidziwa. Ndikaiona pa lisiti kapena kumbuyo kwa galimoto mtima umachita kenakake, ngati ndaona munthu wakwathu mu basi ya ku Joni. Kutchuka ndi kudziwika ndinkaziona ngati chinthu chimodzi. Kutchuka kumafuna kuti chinthucho chikhale chosowa, pamene kuti ndiidziwe 1730 panangofunika madzulo amodzi ndi kope.

Ndikabwereranso ku nkhani ya ku Putney ndimaona chimene ndinkachidumpha. C. P. Snow, amene ankamudziwa Hardy, analemba kuti munthuyu sankatha kuyamba macheza, moti mwina analowa m'chipindamo osapereka ndi moni womwe, nambala ya takisi n'kukhala mawu ake oyamba. Kwathu kuno zimenezo n'zamwano, wodwala umayamba wamufunsa mmene wadzukira. Koma ndimamumvetsa. Anapeza mnzake atawonda, ali kutali ndi mkazi wake ndi mayi ake, ndipo chilankhulo chimene awiriwo ankamvana bwino chinali cha manambala. Anatola chimene chinali pafupi n'kumupatsa. Takisiyo ikanakhala 1730, Hardy akanabwerabe, akanakhalabe pambali pa bedi lija, ife tikanangosowa nkhani yosimba m'kalasi. Ramanujan anabwerera ku India mu 1919, ndipo anamwalira mu Epulo 1920 ali ndi zaka 32.

Komanso ndisamukometsere kwambiri Hardy. Iye anayamba kulabadira za munthuyu chifukwa cha masamu a m'kalata ija. Kalatayo ikanakhala wamba sakanamudziwa n'komwe. Funso la pamoto lija silinamupeze Hardy. Linapeza ine.

Loweruka lapitali ndinamuimbira mng'ono wanga kuti adzanditenge. Anafunsa kuti ndikupita kuti. Ndinati, "Kumene umagwirira ntchito iwe." Anakhala chete pafoni, kenako anaseka. "Achimwene, mwamwa?" Koma anabwera.

Ndinakhala pa siteji pawo, pansi pa mtengo, mpaka dzuwa kupendeka, iye akupita n'kubwera. Ndinadziwa kuti sadya kanthu mpaka 2 koloko, akuti akadya msanga amachita ulesi. Kuti galasi lakumanzere analimanga ndi mphira ndipo bwana wake sakudziwa. Kuti amadana ndi kunyamula matumba a makala. Kuti pali msewu wina umene amauzungulira chifukwa cha galu wa panyumba ina. Kuti anzake amamutchula dzina lina limene ine sindinalimvepo, ndiponso kuti pali mtsikana wogulitsa mayunitsi amene akamadutsa iye amayamba kupukuta njinga yoyera kale. Nthawi ina ndinamuona akuwerengera mnzake chenji mwachangu, ndipo mawu anafika pakamwa, akuti mwana iwe bizinesi ungaithe, bwanji tiganize zoti udzakhale ndi njinga zako zitatu. Ndinawameza.

Pobwerera ndinayang'ana nambala ya njingayo. Zaka ziwiri akuiyendetsa, ndinali ndisanaiwerengepo. Titafika pakhomo ndinatulutsa ndalama, ndikuganiza kuti akana. Analandira, anawerenga, n'kundiyang'ana.

"Yaperewera, achimwene. Mafuta anakwera."